Ndatemera nkhuku koma zikufabe, kodi katemerayu ngwabwino?

NaPhiri (Lobi): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi dandaulo. Lachiwiri sabata yatha ndinagula katemera wa chitopa pa sitolo ina pa boma, ndinadontheza nkhuku zanga zonse 23. Pofika Lachisanu zinayi zinali zitafa. Lero ndatsala ndi 9, ndipo ziwiri mwa izo zavala kale jekete, zikungosinza pakhonde. Kodi si katemerayu wandiphera nkhuku? Chaka chatha sindinatemere, koma zinafa zitatu zokha.

Bambo a Yamikani (Chimbiya): Pepani mayi. Ine za makatemerazi ndinasiya kale. Aloe vera, tsabola wakambuzi ndi makungwa a muwawani m'madzi akumwa, basi. Agogo athu ankaweta nkhuku kulibe mabotolo amenewa.

aJere (Mayani): Ankawetadi, komanso chaka chilichonse kukayamba kutentha mudzi wonse unkadya nkhuku sabata imodzi, kenaka n'kukhala chete osamva tambala mpaka Khirisimasi. Musaiwale mbali imeneyo achimwene.

Bambo a Yamikani (Chimbiya): Kkkk koma zanga zilipo mpaka pano.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Pepani kwambiri mayi Phiri. Ndisanayankhe ndifunse kaye mafunso atatu. Tsiku limene munkadontheza, nkhuku zonse zinali bwinobwino? Kodi m'masabata awiri apitawa mwalowetsa nkhuku yachilendo pakhomo, yogula kapena yopatsidwa? Ndipo botololo wogulitsayo analitenga pati, mufiriji kapena pa shelefu?

NaPhiri (Lobi): Botolo anatenga mufiriji, koma magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, anandiuza yekha. Ndinaliika m'chikwama, ndinagula zina ndi zina mumsika, ndinafika kunyumba cha m'ma 4 madzulo. Zoti nkhuku yachilendo... bambo akunyumba anagula tambala pamsika Loweruka lapitalo. Anali wotchipa. Lolemba anayamba kusinza, chitosi chobiriwira, ndiye tinangomupha. N'chifukwa chake ndinathamangira katemera Lachiwiri.

aJere (Mayani): Ayi ndiye mlandu watha. Tambala wotchipa mwezi uno!

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Tisawaseke mayiwa, zimene achitazi n'zimene ambiri timachita. Tamverani mayi. Katemera si mankhwala ochiza. Chitopa chinalowa pakhomo panu Loweruka ndi tambala uja. Kachilombo ka chitopa kakalowa m'thupi la nkhuku kamakhala masiku angapo, kawirikawiri asanu kapena asanu ndi limodzi, nkhuku ikuyenda ndi kudya ngati ilibe kanthu. Ndiye Lachiwiri munkadontheza nkhuku zoti matenda zatenga kale. Pamene katemera amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti chitetezo chikhwime. Werengani masikuwo nokha muone amene anafika msanga.

Nkhuku zanu zikanafabe ngakhale mukanapanda kugula botolo lija. Ndalama yokha ndi imene inapita pachabe.

Mayi a Tadala (Bembeke): ABambo Mbewe, ine pamene sindimvetsa ndi apa. Ndinamva kuti m'botolomo muli kachilombo ka chitopa komweko. Ndiye tikudontheza matenda m'maso mwa nkhuku zathu?

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Ndiyankheko pang'ono mayi, aMbewe andikonza ndikalakwitsa. N'zoona, muli kachilombo kamoyo ndithu, koma ka mtundu wofatsa, kosatha kudwalitsa. Katemera wa I-2 amene timadontheza m'diso uja ndi wotero. Thupi la nyama lili ndi asilikali ake monga lathu. Asilikaliwo akakumana ndi kachilombo koyamba amachedwa kukazindikira, ndipo chitopa cholusa chimapha asanakonzeke. Tikawaonetseratu kofatsa kaja, amaphunzira maonekedwe ake popanda ngozi, amapanga zida zolimbana nako n'kusunga chikumbumtima. Tsiku limene cholusa chifika amachigwira pakhomo pomwe.

Zili ngati galu amene mwamununkhizitsa chikopa cha kalulu musanapite naye kuuzimba.

aJere (Mayani): Mwanayu sukulu ikumuyanja.

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Zikomo bambo kkk. Ndiwonjezere kuti akatemera sali amtundu umodzi. Ena ndi amoyo ngati I-2 ndi LaSota. Amenewa amachulukana pang'ono m'thupi, ndiye dontho limodzi limakwana, koma amafa msanga ndi dzuwa kapena kutentha. Ena ndi a kachilombo kophedwa kale, monga wa chiwewe amene timabaya agalu ndi wa matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Amenewo amalowa ndi jakisoni, ndipo amafuna kubwereza kuti thupi lisaiwale. Ophedwawa saikidwa kumene kumaundana madzi, akaundana aonongeka. Malo ake ndi mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Che Saidi (Mtakataka): Ndikugulitsa mbuzi zitatu zazikazi ndi tonde mmodzi, ofuna andipeze kumbali.

aNgozo (oyang'anira gulu): Che Saidi, malonda ndi Loweruka. Lero tili pamaliro a nkhuku za mayi Phiri.

NaPhiri (Lobi): Ndiye aMbewe mukutanthauza kuti botolo linalibe vuto?

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Sindinatero ayi. Mwina nalonso linali litafooka. I-2 ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kusiyana ndi anzake, n'chifukwa chake anasankhidwa kuti azifika kumidzi kopanda magetsi. Anachokera ku yunivesite ya Queensland ku Australia, ndipo kuno amapangidwa ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe. Koma kupirira si kusafa. Firiji yozima kuyambira m'mawa, kenaka m'chikwama tsiku lonse padzuwa la mwezi uno, pa kabaza, mumsika... mphamvu imachepa. Choipa n'choti katemera wakufa ndi wamoyo amaoneka chimodzimodzi. Simungadziwe ndi maso.

Ife tili pantchito tinkaphunzitsa odontheza akumudzi kuti botolo azilikulunga m'kansalu konyowa n'kuliika m'kadengu koluka kolowa mphepo. Madzi akamauma pansalupo botolo limazizira, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi. M'thumba la malaya ayi, m'pulasitiki ayi. Kudontheza kukhale m'mawa nkhuku zisanatuluke, pamthunzi. Dontho limodzi m'diso limodzi, mudikire nkhuku iphethire ndi kumeza, kenaka muisiye. Kaya ndi mwanapiye wa dzulo kaya ndi tambala wamkulu, dontho ndi limodzi lomwelo. Ndipo botolo likatsegulidwa si losunga mpaka mwezi wamawa, limalizeni ndi anzanu apamudzi.

Mayi a Tadala (Bembeke): Ine ndinkapatsa atambala madontho atatu poti ndi akuluakulu. Ndiye ndinkangotaya?

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Munkangotaya mayi. Sizipha, koma madontho awiriwo akanateteza nkhuku ziwiri za aneba.

Bambo a Yamikani (Chimbiya): Chabwino, tinene kuti ndagonja. Nanga bwanji amati tizibwereza miyezi inayi iliyonse? Mwana wa munthu katemera wa chikuku amalandira kawiri basi n'kutha. Apa si malonda chabe kuti mabotolo aziyenda?

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Funso labwino bambo. Zifukwa zilipo ziwiri. Chitetezo cha dontho la m'diso chimayamba kutsika pakapita miyezi inayi. Komanso taganizirani khola lanu: nkhuku zimene munali nazo mu Malichi si zimene muli nazo mu Julayi. Zina mwadya, zina mwagulitsa, mathadzi aswa anapiye atsopano amene sanaonepo dontho. Ndiye kalendala yake ndi Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa mu Julayi ndiye wosayenera kuphonya, chifukwa chitopa chimakonda kuvuta kukayamba kutentha.

Si akatemera onse otero. Alipo ena kamodzi n'kutha, monga wa chigodola cha ng'ombe.

aNamaseko (ng'ombe zamkaka, Dedza boma): Pamenepo ndiimeni kaye. Chigodola chinanditengera thole la mtundu mwezi wa Febuluwale, ndinalira ngati wafa munthu. Kodi katemera wake alipodi? Ine ndimangodziwa kupopera nkhupakupa.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Alipo mayi, ndipo amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku likulu loona za nkhupakupa ndi matenda ake lotchedwa CTTBD. Mayiko ena a kuno kummawa kwa Africa amadzagula komweko. Koma ameneyu ndi wamakhalidwe ena. Chigodola chimabwera ndi kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamayenda ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu zija. Potemera, dokotala amabaya ng'ombe tizilombo tamoyo tenitenito pamlingo woyezedwa, pafupi ndi khutu, nthawi yomweyo n'kubayanso oxytetracycline wokhalitsa m'thupi. Mankhwalawo amagwira matenda kuti asakule, thupi n'kupeza mpata wophunzira. Ng'ombe ikadutsa pamenepo yatetezedwa moyo wake wonse.

Vuto lake ndi kasungidwe. Sakhala mufiriji wamba, amakhala mu nitrogen wamadzi, mtsuko wofanana ndi umene amasungira umuna wa ng'ombe. Ndipo akasungunula kamodzi amafunika ng'ombe zambiri tsiku lomwelo. Munthu mmodzi wa ng'ombe ziwiri sangaitanitse yekha. Kambiranani ku bulking group, gulu la alimi a mkaka kwanuko, muwerenge matole, mupite limodzi ku ofesi ya zaziweto. Ameneyu si wobaya wekha ayi.

aNamaseko (ng'ombe zamkaka, Dedza boma): Ndikatemera ndiye kupopera ndisiye?

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Musasiye. Nkhupakupa zimanyamula matenda enanso, monga aja ng'ombe imakodza magazi, ndipo katemera wa chigodola sawadziwa amenewo. Katemera aliyense amadziwa mdani mmodzi. Wa chitopa sateteza gumboro (matenda ena ogwira anapiye), wa gumboro sateteza nthomba ya nkhuku. Anthu ambiri amati "ndinatemera" ngati nkhani yatha, ukafunsa kuti wa chiyani sadziwa.

aJere (Mayani): Nanga nkhumba? Chaka chatha mnyamata wina anayenda m'mudzi mwathu ndi kachikwama, akuti akubaya katemera wa chigodola cha nkhumba, K2,000 nkhumba imodzi. Anthu anabayitsa. Patapita masabata awiri makola onse mbee.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Ameneyo anakuberani kawiri. Chigodola cha nkhumba chilibe katemera pamsika kuno kwathu, chilibenso mankhwala. Dzina lokha likufanana ndi la ng'ombe, koma matenda ake ndi osiyana kotheratu. Chimene ankabaya mwina ndi oxytetracycline kapena mavitamini. Ndipo ngati ankagwiritsa singano imodzi khola ndi khola, nsapato zomwezo, ndiye iye mwini ndi amene ankagawa matendawo. Nkhumba chitetezo chake ndi khola lotseka, osalola ogula kulowa m'khola, osazipatsa zotsala za nyama ya nkhumba ya pachiwaya.

aJere (Mayani): Singano inali imodzi. Ankangoipukuta pa thalauza.

Mayi a Tadala (Bembeke): Mayo ine.

Madalitso (mabroila, Dedza boma): Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Langa ndi la gumboro. Anapiye 200, ndinapereka katemera m'madzi tsiku la 14 monga mwa pepala limene anandipatsa pogula. Sabata yachinayi anayamba kutsekula zoyera, nthenga nyankhalala, ndinataya 31. Ndinalakwitsa pati?

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Achimwene, madzi munatunga kuti?

Madalitso (mabroila, Dedza boma): Pampopi. Ndipo ndimathiramo WaterGuard nthawi zonse kuti anapiye asadwale.

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Ndi pamenepo. Klorini amene ali mu WaterGuard ntchito yake ndi kupha tizilombo m'madzi, ndipo sasankha kuti aka ndi ka katemera. Munamupha katemera asanafike kukhosi kwa mwanapiye. Tsiku lotemera gwiritsani madzi apamjigo kapena apachitsime oyera, opanda mankhwala alionse. Ngati ndi apampopi, akhale m'ndowa yosavundikira usiku wonse, ndipo muthiremo mkaka waufa wopanda mafuta, magalamu awiri pa lita, umateteza kachilomboko. Zomwera zikhale zapulasitiki, zotsukidwa ndi madzi okha opanda sopo. Anapiye muwamane madzi ola limodzi kapena awiri kuti akhale ndi ludzu, amwe onse n'kumaliza pasanathe maola awiri. Zomwera zichuluke, apo ayi amphamvu amwa kawiri ofooka osalawa.

Madalitso (mabroila, Dedza boma): Ine ndinasakaniza ndowa yonse m'mawa, anamwa mpaka madzulo. Eish. Nanga osangopereka tsiku loyamba bwanji kuti zithe?

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Apa mpamene pali nkhani yokoma. Mwanapiye amabadwa ndi chitetezo chobwereka kwa make, chimene chimadzera mu yolk ya dzira. Chitetezo chimenecho chimamusunga masabata oyamba, koma chimamenyanso katemera wa gumboro mukamupereka msanga, chimamuona ngati mdani. Mukachedwanso, chobwerekacho chatha, chakechake sichinabwere, matenda alowa pampatapo. N'chifukwa chake pepala lanu lili ndi masiku, ndipo ambiri amati mubwereze pakatha sabata, kuti amene anaphonya ulendo woyamba agwidwe wachiwiri. Munabwereza?

Madalitso (mabroila, Dedza boma): Ayi, ndinaona ngati kamodzi kakwana.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Ndiye mabowo anali awiri. Za chitetezo chobwerekazi zikukhudzanso inu aNamaseko. Thole limabadwa lopanda chitetezo chilichonse, silitenga kanthu lili m'mimba. Chonse chili mu mkaka woyamba wachikasu uja. Liyamwe m'maola asanu ndi limodzi oyamba, chifukwa pakatha tsiku limodzi matumbo ake amatseka, chitetezocho sichilowanso m'magazi. Ndinaonapo alimi akukama mkaka umenewo n'kutaya ati ndi woipa. Thole lotero limangotsekula m'mimba mpaka kufa.

aNgozo (oyang'anira gulu): Poti adokotala alipo lero, tifunsiretu za agalu. Pa 28 Seputembala linali tsiku lokumbukira chiwewe, koma kwathu kuno anyamata osaka amabisa agalu akamva kuti kukubwera obaya. Ati galu wobayidwa amafooka, sathamangitsanso kalulu.

aJere (Mayani): Wanga Bingo anabayidwa katatu, koma mbewa ndi akalulu akumudziwa bwino.

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Galu akhoza kukhala wofooka tsiku limodzi, monga mwana akabwera kusikelo, kenaka ali bwino. Mphuno ndi miyendo katemera sazikhudza. Koma chiwewe n'chosiyana ndi zonse takambazi chifukwa chimapha anthu, ndipo zizindikiro zikangoyamba palibe kuchira. Pafupifupi onse amene amadwala amachitenga kwa galu, ambiri ndi ana. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akatemeredwa m'dera, matendawa amasowa podumphira n'kuzilala okha. A Mission Rabies akhala akuchita zimenezi ku Blantyre kuyambira 2015. Ndiye wobisa galu sakuika pangozi galu wake yekha.

Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera wa chiwewe. Katemera ameneyu amathandiza ngakhale kachilombo katalowa kale, chifukwa chiwewe chimayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo, katemera amatha kuchipitirira. Chitopa sichipereka mpata wotero.

Bambo a Yamikani (Chimbiya): Koma azungu anaganiza bwanji zoika matenda m'botolo?

Chisomo (wophunzira ku Bunda): Ziweto zomwezi bambo. Mu 1796 Edward Jenner ku England anateteza mwana ku nthomba pogwiritsa ntchito nthomba ya ng'ombe, imene ndi yofatsa kwa munthu. Dzina lachingerezi la katemera linachokera ku liwu lachilatini lotanthauza ng'ombe. Kenaka mu 1879 kwa Louis Pasteur ku France, tizilombo ta kolera wa nkhuku tinasiyidwa nthawi yaitali m'labotale tisanagwiritsidwe ntchito. Atabaya nkhuku tizilombo takalekaleto, zinadwala pang'ono n'kuchira. Atazibayanso tatsopano tolusa, sizinafe. Tsiku la chiwewe lija ndi tsiku limene Pasteur yemweyo anamwalira mu 1895. Ndipo matenda a ng'ombe a rinderpest, amene anapulula ng'ombe mu Africa m'zaka za m'ma 1890, analengezedwa mu 2011 kuti atheratu padziko lonse, ndi katemera.

Bambo a Yamikani (Chimbiya): Aloe vera wanga sindisiya, koma Novembala mundiwerengere. Zilipo 17.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Aloe vera pitirizani, sindilimbana naye. Mungopewa kumuthira tsiku la katemera wa m'madzi.

NaPhiri (Lobi): Ndamva zonse, mtima watsikako. Ndiye zotsalazi nditani? M'botolo mwatsala pang'ono, ndidonthezenso? Mlamu wanga akuti ndimupatse akadontheze zake kutsidya.

aMbewe (vetenale wopuma, Linthipe): Botolo limenelo latha ntchito, litayeni m'chimbudzi. Mlamu wanu akagule lake, ndipo inu musapite ku khola lake, iyenso asabwere kwanu, chitopa chimayenda ndi mapazi ndi manja. Ziwiri zodwalazo zipatuleni lero. Zakufa kwirirani dzenje lakuya kapena kuotcha, agalu asakoke. Musagulitse ngakhale imodzi pamsika, mungachite kwa wina zimene anakuchitani wa tambala uja. Zimene zipulumuke zidzakhala ndi chitetezo champhamvu, muzisunge ndi mbewu yanu. Khola mulisese, zinyalala muotche, ndipo pakhale mwezi wathunthu chifere nkhuku yomaliza musanalowetse ina. Yatsopanoyo izikhala payokha masabata awiri kaye.

Ndifunsenso chimodzi. Nthenga ndi matumbo a tambala uja munataya kuti?

NaPhiri (Lobi): Ana anataya kudzala kuseri kwa nyumba. Nkhuku zimapalasa komweko, za aneba nazonso.

aJere (Mayani): Mayi, pitani mukawauze anebawo usiku uno asanamve kwa ena.

aNgozo (oyang'anira gulu): Za Novembala tiyambiretu. Aliyense alembe mudzi ndi chiwerengero cha nkhuku pofika Lamlungu, tione mabotolo angati. AMbewe mutithandize kulankhula ndi alangizi kuti katemera achokere ku ofesi, ndipo wokatenga apite ndi fulasiki ya madzi oundana. Chimbiya 17 ndalemba kale.

Mayi a Tadala (Bembeke): Bembeke 26, kuphatikiza anapiye 8 aswa dzulo.

NaPhiri (Lobi): Ine lembani 7 kaye, ndidzakuuzani Lamlungu ngati zilipobe. Ndikupita kwa aneba tsopano, nsapato ndasintha.